Telesikopu ya ku Ngabu: Zolemba za Ntchito Yolunjikitsa Akalilole

Kumayambiriro kwa Meyi

Gulu lathu la ophunzira ndi aphunzitsi okonda za kuthambo, lomwe limakumana kufupi ndi Ngabu m'boma la Chikwawa, tsopano lapeza zofunika kuti liyambe kumanga telesikopu yakeyake. Tili ndi kalilole wamkulu wozungulira wa mamilimita 150 m'mimba mwake, amene nkhope yake inakumbidwa pang'ono kuti izisonkhanitsa kuwala pamalo amodzi, pa mtunda wa mamilimita 1,200 kuchokera pa kaliloleyo. Tilinso ndi kalilole wamng'ono wafulati, kapaipi kotsetsereka kofunira chithunzi komwe kamatchedwa focuser, ndi timagalasi tiwiri tosuzumira, ka mamilimita 25 ndi ka mamilimita 10. Zotsalazo, monga matabwa, mabawuti, manati ndi penti, tizipeza m'mashopu ndi kwa akalipentala a konkuno.

Tisanadule thabwa ndi limodzi lomwe, tinakhala pansi kukambirana chifukwa chimene tasankhira mtundu umenewu wa telesikopu ya akalilole, pakuti ophunzira ena ankaganiza kuti telesikopu yeniyeni ndi yaitali ija, yokhala ndi lenzi kutsogolo ndi posuzumira kumbuyo. Imeneyo ndiyo yakale kuposa zonse. Mu 1608 Hans Lipperhey, wopanga magalasi a maso ku Middelburg m'dziko la Netherlands, anapempha boma kuti limuvomereze kukhala mwini luso la chipangizochi, ndipo chaka chotsatira Galileo Galilei anapanga yake ku Italy, yomwe mu Januwale 1610 anaonera miyezi inayi yozungulira Jupiter. Ubwino wa telesikopu ya malenzi ndi wakuti ikamangidwa bwino ku fakitale siifunanso kugwiridwagwiridwa. Vuto lake ndi lakuti lenzi imapinda kuwala kwa buluu kwambiri kuposa kofiira, motero nyenyezi yowala imatuluka ndi mkombero wa mitundumitundu. Njira yophatikiza magalasi a mitundu iwiri, imene John Dollond anailembetsa ku London mu 1758, inachepetsa vutoli kwambiri, koma lenzi yaikulu inakhalabe yodula ndiponso yovuta, chifukwa kuwala kumadutsa m'kati mwa galasi lonselo ndipo galasilo limangogwiridwa m'mphepete mokha. Telesikopu ya malenzi ya ku Yerkes ku America, yomwe inatsegulidwa mu 1897, ili ndi lenzi ya masentimita 102, ndipo matelesikopu ofufuzira nyenyezi okula kuposa pamenepo akhala akumangidwa ndi akalilole.

Isaac Newton mu 1668 anachotsa lenzi yakutsogolo n'kuika kalilole wokumbika pansi pa paipi. Kuwala kumalowa pakamwa pa paipiyo, kumagunda kalilole n'kubwerera kukusonkhana, ndipo kusanakumane pamodzi kumapeza kalilole wamng'ono wopendekeka madigiri 45, amene amakukhotetsera m'mbali kumene kuli diso. Kalilole sasankha mtundu wa kuwala, ali ndi nkhope imodzi yokha yofunika kusalaza, ndipo amachirikizidwa kumsana konse, n'chifukwa chake wamkulu amapezeka pa mtengo wofikirika. Wathuyu amasonkhanitsa kuwala kuposa ka 400 poyerekeza ndi mboni ya diso la munthu ikatseguka mu mdima. Koma mtundu umenewu uli ndi ntchito yake, pakuti akalilole awiriwo aliyense amakhala pa mabawuti osunthika, ndipo mwini telesikopu ndiye ayenera kuwalunjikitsa kuti aziyang'anizana bwino. Ine ndikuona kuti zimenezi zikutikomera. Chipangizo chimene tingachikonze ndi manja athu kuno kuchigwa ndi chaphindu kuposa chimene chikasokonekera tiyenera kukwera nacho chitunda cha ku Thabwa kupita ku Blantyre, kapenanso kuchitumiza kunja kwa dziko.

Kumapeto kwa Meyi

Thupi la telesikopu latha. Poyamba tinaganizira za paipi yaikulu ya pulasitiki, koma tinaikana chifukwa cha kutentha kwa kuno. Pulasitiki ikafewa ndi dzuwa la Okutobala imagonja pang'ono, ndipo kugonja kumene diso silingakuone n'kokwanira kusokoneza akalilole. M'malo mwake akalipentala atipangira bokosi lalitali la ngodya zinayi la pulayiwudi, ndipo m'kati mwake tapaka penti yakuda ya bolodi chifukwa siinyezimira. Choikapo chake tatengera njira imene John Dobson anaitchukitsa ku San Francisco m'zaka za m'ma 1960, ya bokosi lozungulira pa bawuti imodzi pansi, ndi timagudumu tiwiri ta matabwa m'mbali mwa thupi tolilola kukwera ndi kutsika.

Nthawi yambiri yapita pa chogonera cha kalilole wamkulu. Ndi matabwa awiri osanjikizana, lam'mwamba lonyamula kalilole ndi lam'munsi lokhomedwa ku bokosi, ndipo awiriwa alumikizidwa ndi mabawuti atatu, iliyonse yodutsa m'kati mwa sipuling'i yolimba, ndi nati ya mapiko kunja yoti munthu azipotokola ndi zala. Akalipentala anafunsa kuti, "Nanga aphunzitsi, bwanji osaika mabawuti anayi kuti chilimbe?" Ndinawayankha kuti pa mabawuti atatu thabwa limakhazikika nthawi zonse, pamene pa anayi imodzi ikalimba kuposa zinzake thabwalo limapotoka, ndipo kupotokako kumafika mpaka pa galasi. Iwo anavomera msanga, popeza amadziwa kale za mipando yogwedera pa simenti yosafanana. Timbedza titatu tofewa tikuteteza kalilole kuti asagwere kutsogolo, ndipo tasiya mpata woti kapepala kazilowa pakati pa mbedza ndi galasi.

Kalilole wamng'ono wapachikidwa pa mtanda wa tizitsulo tinayi topyapyala, tochokera ku masowo akutha odulira zitsulo. Pakati pa mtandawo pali bawuti yaitali yomukoka kapena kumukankha motsata utali wa bokosi, ndipo mozungulira bawutiyo muli timasikuluwu titatu tomupendeketsa.

Chomaliza chinali kuika chizindikiro pakati penipeni pa kalilole wamkulu. Tinadula pepala lozungulira lofanana naye, tinalipinda kawiri, tinadula kansonga kake, ndipo titalitambasula pa galasi kabowoko kanatisonyeza pakati. Pamenepo tamatapo kamphete kakang'ono ka pepala loyera. Ophunzira anada nkhawa kuti tikuwononga kalilole, koma malo amenewo amakhala mu mthunzi wa kalilole wamng'ono ndipo kuwala kwa nyenyezi sikufikapo.

Sabata yoyamba ya Juni

Ntchito yolunjikitsa, imene mabuku a za matelesikopu amaitcha collimation, tinaichitira masana pakhonde, bokosi litagona chopingasa ndipo pakamwa pake pataloza khoma loyera lomwe linali pamthunzi. Kuligoneka n'kofunika, chifukwa sikuludiraiva ikapulumuka m'manja bokosi lili chiimire imakagwera pa kalilole wamkulu. Lamulo lina limene aliyense walibwereza pakamwa ndi lakuti telesikopu isaloze kudzuwa ngakhale kamphindi, chifukwa kuwala kosonkhanitsidwa ndi kalilole wotereyu kumawononga diso nthawi yomweyo ndipo kungathe kuyatsa thabwa.

Chida chathu choyamba ndi chivindikiro cha pulasitiki chokwana bwino pa focuser, chomwe taboola pakati kabowo ka mamilimita awiri, ndipo kunsi kwake tamata kapepala konyezimira. Ntchito ya kabowoko ndi kukakamiza diso kuti likhale pakati penipeni. Munthu akasuzumirapo koyamba amasokonezeka, chifukwa amaona mikombero yambiri yolowana: mphepete mwa focuser, mphepete mwa kalilole wamng'ono, chithunzi cha kalilole wamkulu m'kati mwa wamng'onoyo, chithunzi cha wamng'ono m'kati mwa wamkulu pamodzi ndi mtanda wake, ndipo pakati pa zonsezo kadontho kakuda komwe ndi kabowo komwe akusuzumirako. Kuti tichepetse chisokonezo tinatchinga kalilole wamkulu ndi katoni yolowetsedwa m'bokosi, n'kuika pepala loyera kuseri kwa wamng'ono, moyang'anizana ndi focuser. Pamenepo mphepete mwake munaoneka bwino pa pepala loyeralo.

Kalilole wamng'ono kwenikweni si wozungulira, ndi wotalikirapo mbali imodzi, koma akapendekeka madigiri 45 n'kuyang'ana focuser molunjika amaoneka wozungulira. Wathu ankaoneka wophwatalala ndiponso woyandikira kukamwa kwa bokosi. Tinamasula timasikuluwu titatu tija, tinamutembenuza pang'onopang'ono pa bawuti yapakati mpaka ataoneka wozungulira, kenaka tinamutsitsira cha kwa kalilole wamkulu mpaka mpata wa pepala loyera utafanana mbali zonse. Gawo limeneli ndilo lochedwa kuposa onse, chifukwa kukhudza chimodzi kumasuntha chinzake, koma likatha bwino silifuna kubwerezedwa kawirikawiri.

Titachotsa katoni tinayamba kupendeketsa kalilole wamng'ono. Pa timasikuluwu titatuti munthu salimbitsa kamodzi asanamasule kanzake, ndipo kupotokola kochepa kwambiri kumasuntha chithunzi kwambiri. Cholinga chinali chakuti kalilole wamkulu aoneke yense, timbedza take titatu tioneke mofanana m'mphepete, ndipo kamphete koyera kakhale pakati. Pomaliza tinapita kumsana kwa bokosi. Wophunzira mmodzi anakhala pa focuser, mnzake anagwada pa manati a mapiko, ndipo wosuzumirayo ankanena kuti, "Pang'ono, bwererani, ina ija," mpaka kadontho kakuda katalowa m'kati mwa kamphete. Taika manambala pa manati atatuwo kuti anthu asamalozerane ndi zala mu mdima.

Ndondomeko imeneyi siyenera kusinthanitsidwa. Amene ayambira pa kalilole wamkulu angathe ndithu kulowetsa kadontho mu kamphete, koma akadzangokhudza wamng'ono ntchito yonse imafafanizika. Tinawerengeranso limodzi kuti tidziwe kuti tili ndi mpata wotani wolakwitsa. Utali wa mamilimita 1,200 ukagawidwa ndi 150 umapereka 8, ndipo telesikopu yotere imatchedwa f/8. Pa kalilole wa f/8 kachigawo kapakati komwe nyenyezi imaoneka yangwiro ndi ka mamilimita pafupifupi 11, pamene pa f/5 sikafika mamilimita atatu. Telesikopu yaifupi ndi yosavuta kunyamula, koma siikhululuka. Yathu yaitaliyi ndi yoyenera anthu amene akuphunzira kumene.

Pakati pa Juni

Woweruza weniweni ndi nyenyezi. Malangizo ambiri a pa intaneti amanena kuti munthu ayesere pa Polaris chifukwa siisuntha, koma analembedwa ndi anthu a kumpoto kwa dziko lapansi. Ife tili madigiri opitirira pang'ono 16 kum'mwera kwa equator, ndipo Polaris siituluka konse kuno. Kum'mwera kulibe nyenyezi yowala yofanana nayo, popeza Sigma Octantis, imene ili pa malo osasuntha a thambo la kum'mwera, ndi yozilala kwambiri ndipo ili m'munsi, pamwamba pang'ono pa mitengo. Tinasankha Beta Crucis, imodzi mwa nyenyezi zinayi zopanga mtanda kum'mwera. Mwezi uno mdima ukangogwira mtandawo umakhala uli pamwamba, ndipo popeza nyenyeziyi ili pafupifupi madigiri 60 kum'mwera kwa equator wa thambo, imayenda theka la liwiro la nyenyezi za Akamwiniatsatana. Zimenezi n'zothandiza pa telesikopu yokankha ndi dzanja, chifukwa chithunzi chikakulitsidwa nyenyezi imathawa msanga.

Kagalasi ka mamilimita 25 kamakulitsa ka 48, ndipo kamabisa zolakwika zambiri. Ka mamilimita 10 kamakulitsa ka 120, ndipo titakalowetsa tinaona kuti ntchito ya masana inali isanafike penipeni. Nyenyezi inali ndi kamchira mbali imodzi, ikuoneka ngati mbululu. Titasuntha focuser pang'ono kuti chithunzi chifufume, panaoneka mikombero ya kuwala yokhala ndi mthunzi wa kalilole wamng'ono m'kati, koma mthunziwo unali utatsamira mbali imodzi, mikombero itapanikizana uku ndi kutayana uko.

Pokonza, tinapotokola nati imene inasunthira nyenyezi kumbali kumene kunali kamchira, kenaka tinakankha bokosi kuti nyenyeziyo ibwerere pakati tisanaweruze chilichonse. Kubwezera pakatiku anthu amakuiwala, pamene nyenyezi iliyonse ikakhala m'mphepete mwa kagalasi imatulutsa kamchira ngakhale akalilole ali bwino. Manati sanafune kupotokola kwambiri, gawo lochepa chabe la kuzungulira kumodzi. Mthunzi utakhala pakati tinabwezera chithunzi pamalo pake, ndipo kamchira kanali katapita.

Tinayesa pa Alpha Crucis, nyenyezi ya kuphazi kwa mtanda, imene ndi maso imaoneka imodzi koma ili ndi ziwiri zowala zoyandikana masekondi pafupifupi anayi a digiri (digiri imodzi ili ndi masekondi 3,600). Tisanakonze zinkaoneka zomatana, koma tsopano pakati pake panali kanjira kakuda koonekeratu. Alpha Centauri, yomwe kuwala kwake kumatenga zaka zoposa zinayi kufika kuno, nayonso inagawika pawiri mosavuta. Omega Centauri, imene m'maso imaoneka ngati kamtambo, inayamba kuonetsa tinyenyezi tambirimbiri m'mphepete mwake. Mayi wina wachikulire wa pafupi ndi bwalo, amene anabwera kudzatenga mdzukulu wake, anasuzumira nthawi yaitali ndipo anafunsa ngati Nsangwe tingadzazionenso chimodzimodzi. Tinamuuza kuti madzulo zidzaoneka bwino chakumapeto kwa chaka.

Julayi

Chiperoni chatitsekera thambo masiku angapo, ndipo tagwiritsa ntchito nthawiyo kuyesa chida china chimene tabwereka, laser yolowetsa mu focuser. Imaponya kadontho kofiira pa kalilole wamkulu, ndipo munthu amaongola wamng'ono mpaka kadonthoko katagwera mu kamphete, kenaka amaongola wamkulu mpaka kuwalako kutabwerera kumene kwachokera. Ndi yachangu, ndipo munthu mmodzi angathe kuigwiritsa ntchito yekha usiku. Koma inatiuza zosiyana ndi zimene nyenyezi inatiuza. Tinakhoma misomali inayi pa thabwa, iwiriiwiri yopingasana, tinagoneka laser pamenepo n'kuiloza kukhoma la kalasi, ndipo titaizunguza pang'onopang'ono kadontho kanajambula mkombero m'malo mokhala pamodzi. Chidacho ndicho chinali chokhota. Tinachiongola ndi timasikuluwu take ta m'mbali mpaka kadontho kataima.

Ophunzira ndinawakumbutsa za Hubble, telesikopu imene inaponyedwa m'mlengalenga mu Epulo 1990 ndi kalilole wa mamita 2.4. Zithunzi zake zoyamba zinali zosaoneka bwino chifukwa kaliloleyo anasalazidwa mosamala kwambiri koma motsatira chida choyezera chimene lenzi yake inakhala molakwika ndi mamilimita 1.3. Kulakwika kwa mphepete mwa kalilole kunali kwa ma micrometre awiri okha ndi pang'ono (milimita imodzi ili ndi ma micrometre 1,000), koma kunafunika ulendo wa akatswiri mu Disembala 1993 kuti akaike magalasi okonzera. Kuyambira tsopano laser tiziiyesa isanayese telesikopu, ndipo zikasemphana ndi nyenyezi tizitsata nyenyezi.

Thambo litayera tinapeza vuto latsopano. Nyenyezi yofufumitsidwa inali ndi ngodya zitatu, ndipo kupotokola manati sikunasinthe kanthu. Titatulutsa chogonera tinapeza kuti chinyezi cha chiperoni chatupitsa thabwa, moti timbedza tinali titapana galasi. Galasi lokhuthala chonchi munthu sangaganize kuti lingapindike, koma kupana kochepa kumaoneka pa nyenyezi. Tabwezera mpata uja ndipo thabwalo talipaka vanishi mbali zonse.

Ogasiti

Mlendo wina wochokera ku Blantyre anabwera ndi telesikopu ya mtundu wachitatu, wophatikiza galasi lakutsogolo ndi akalilole, wotchedwa Schmidt-Cassegrain. Maganizo obwezera kuwala kudzera pa bowo la pakati pa kalilole wamkulu ndi a Laurent Cassegrain a mu 1672, ndipo galasi lopyapyala lokonzera chithunzi linachokera kwa Bernhard Schmidt ku Hamburg mu 1930. Palinso mtundu wina wapachibale, wa Dmitri Maksutov wa mu 1941, wokhala ndi galasi lokhuthala lokumbika kutsogolo. Popeza kuwala kumayenda m'kati mobwerezabwereza, telesikopu ya mamilimita 200 m'mimba mwake ndi utali wa kuwala wa mamilimita 2,000 inakwana pa mpando wa galimoto, ndipo ophunzira anaisirira.

Kuilunjikitsa kwake ndi kwa timasikuluwu titatu tokha ta kalilole wamng'ono, ndipo kumachitika pa nyenyezi. Msewu unali utaisokoneza, ndipo ophunzira athu anazindikira okha mthunzi wotsamira uja mlendoyo asananene. Koma tinaonanso zovuta zake kuno kwathu. Thupi lake ndi lotsekeka, choncho linachedwa kuzizira, ndipo kutacha pang'ono mame anadzaza pa galasi lakutsogolo. Choikapo chake, chotsata nyenyezi pa mzere umodzi woloza pakati pa kuzungulira kwa thambo, chinafunika kugonekedwa mpaka madigiri 16, pafupi ndi malire a pamene chimafika. Chipangizocho ndi chabwino, makamaka kwa wojambula zithunzi za mapulaneti, koma sindinaone chifukwa chosinthira chisankho chathu.

Usiku womwewo Mlalang'amba unali utadutsa pamutu penipeni, ndipo tinayesa Antares, nyenyezi yofiira imene kuno imadutsa pafupi ndi pamwamba pa mutu. Ili ndi inzake yaing'ono yoyandikana nayo kwambiri, ndipo matelesikopu onse awiri analephera kuilekanitsa. Chifukwa chake sichinali cha akalilole.

Sepitembala mpaka pakati pa Okutobala

Phunziro lalikulu la nyengo ino lakhala kusiyanitsa matenda a akalilole ndi matenda a mpweya, chifukwa wosadziwa amathamangira manati pamene manati alibe mlandu. Chigwa chino chili m'munsi kwambiri, ndipo masana a Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Telesikopu ikatsala tsiku lonse m'chipinda cha malata, galasi limasunga kutenthako, ndipo dzuwa likalowa limakutulutsa pang'onopang'ono, motero pamwamba pa kalilole pamakhala mpweya wofunda umene kuwala kumadutsamo kawiri. Pa nyenyezi yofufumitsidwa zimenezi zimaoneka ngati kautsi kokwera pang'onopang'ono kuchokera mbali imodzi. Mpweya wa m'mwamba ukavunduka, mikombero yonse imawira ndi kunjenjemera. Akalilole akakhota, chilema chimakhala malo amodzi osavina. Ophunzira tsopano amayang'ana kaye ngati cholakwikacho chikusuntha, ndipo chikamasuntha manja amakhala kumbuyo.

Tikutulutsa telesikopu dzuwa likangolowa n'kuisiya ola lathunthu pamthunzi wopita mphepo, ndipo kumsana kwa chogonera taikako kafani ka m'kompyuta yakale koyendera batire la sola, kopachikidwa pa malabala kuti kasagwedeze bokosi. Tasamukanso pakhonde la simenti kupita pakati pa bwalo, ndipo tikupewa kuloza pamwamba pa madenga a malata kapena pamwamba pa msewu wa tara. Taona kuti kunja kukatsala pang'ono kucha mpweya umadekha kuposa madzulo. Tinayesanso nyenyezi yopanga tokha, kachitsulo kobulungira konyezimira ka m'gudumu la njinga koikidwa padzuwa kutsidya kwa bwalo, kuti tizilunjikitsa masana, koma nthaka ikangotentha chithunzi chake chimawira, ndipo chimathandiza m'mamawa mokha.

Utsi wa lupsa ndi fumbi zaphimba thambo la m'munsi, moti masiku ena mapiri a ku Thyolo saoneka. Zimenezi zimazilalitsa nyenyezi koma sizisokoneza kulunjika. Fumbi lakhalanso pa kalilole, ndipo lamulo ndi lakuti wina asapukute ndi nsalu, chifukwa chonyezimira chake ndi aluminiyamu wopyapyala kwambiri wokhala pamwamba pa galasi, osati kumsana monga pa kalilole wa kunyumba. Fumbi lochepa silichepetsa kuona monga momwe anthu amaopera. Tinamutsuka fumbi litachuluka, pomuviika m'madzi oyera okhala ndi kadontho ka sopo wamadzi, kukokapo thonje lonyowa popanda kutsindika, n'kumutsukuluza ndi madzi osungunula othira m'mabatire, aja opanda asidi, kenaka n'kumuimika kuti aume yekha. Madzi a m'mijigo yambiri ya m'dera lino ali ndi mchere, ndipo akauma amasiya mawanga. Amene wadzola mankhwala othamangitsa udzudzu, umene kuno kufupi ndi dambo la Elephant Marsh susowa, ayenera kusamba m'manja asanagwire timagalasi tosuzumira.

Tayambanso kupita nayo m'midzi yoyandikana, ndipo ulendo uliwonse pa ngolo kapena pa msewu wa mabampu umasuntha kalilole wamkulu. Poyamba ena zinkawakhumudwitsa, mpaka titakambirana za telesikopu yaikulu yotchedwa SALT ya ku Sutherland ku South Africa, imene inatsegulidwa mu 2005 ndipo kalilole wake ndi zidutswa 91 za ngodya zisanu ndi imodzi, zomwe zimalunjikitsidwa mobwerezabwereza ndi chida cha pa nsanja yoima pambali pake. Nayo telesikopu ya James Webb, imene inaponyedwa m'mlengalenga pa 25 Disembala 2021, poyamba inaonetsa nyenyezi imodzi ngati madontho 18, limodzi pa chidutswa chilichonse cha kalilole wake, ndipo panapita miyezi akatswiri akuziongola. Tsopano wophunzira aliyense wa m'gulu amatha kubwezera kadontho mu kamphete m'mphindi zochepa tikangofika pamalo, ndipo atsikana awiri a Fomu 3 afika potha kuyambira pa kalilole wamng'ono atamasulidwa dala mpaka kumaliza pa nyenyezi popanda wowauza.

Zatsala ntchito zingapo mvula isanayambe. Masipuling'i a chogonera ndi ofewa pang'ono, chifukwa bokosi likatsika kuchoka pamutu kupita m'munsi kadontho kamasuntha mu kamphete, ndipo akalipentala alonjeza kufunafuna olimba kwa okonza njinga zamoto. Tikufuna kagalasi ka mamilimita 6, kokulitsa ka 200, kuti tiziyesa nyenyezi mozama ndiponso tidzabwererenso kwa Antares nyengo yozizira ikubwerayi, popeza pakali pano ikulowa msanga kumadzulo. Focuser nayo ikugwedera ikatuluka kwambiri, ndipo tiiphatikiza ndi kachikopa m'mbali. Akalilole onse awiri tidzawachotsa m'bokosi mvula ikayamba ndi kuwasunga m'chidebe chotsekeka pa shelefu yam'mwamba, popeza madzi osefukira a mu Januwale 2022 ndi a mu Malichi 2023 anasonyeza kuti m'chigwa chino chinthu chamtengo sichisungidwa pansi. Tisanawachotse tidzalemba ndi pensulo malo a bawuti yapakati ndi a manati atatu, kuti pobwezera mu Epulo tidzayambire pafupi ndi pamene tasiyira.